Mpeni wa m'thumba: tigule dzina la chitsulo kapena ntchito yake?

Kuchokera ku dambo la Limphasa kumene alimi amalima mpunga, kutsika kukafika ku madoko a Chintheche ndi Kande, kukwera kumpoto mpaka ku Usisya, dzuwa sililowa mpeni usanagwire ntchito. Msodzi amadulira zingwe ndi kukonzera matchera ake. Amayi amasendera chinangwa choti akaviike kuti pakhomo papezeke ufa wa kondowole. Wogulitsa nanazi ndi nzimbe pa Mpamba sangatsegule malonda alibe mpeni. Mlimi wa mu sikimu amasongolera zikhomo ndi kudulira ulusi wosokera matumba. Ambiri mwa anthu amenewa amakonda mpeni wopinda, chifukwa umalowa m'thumba, suboola kabudula, ndipo suvulaza mwana amene wapisa dzanja m'chikwama.

Kunja kuno kuli anthu amene mpeni wopinda adausandutsa nkhani yaikulu. Ku America, ku Ulaya ndi ku Japan okonda mipeni amatsutsana usana ndi usiku za chitsulo chopambana zonse ndi chigwiriro choyenera mpeni wapamwamba. Mayina monga D2, S30V, M390 ndi MagnaCut amawatchula mosadodoma. Mtsutso umenewu watipeza kudzera m'mafoni ndi mwa abale athu amene amagwira ntchito ku South Africa. Mnyamata wa ku Kande amene amaperekeza alendo m'mphepete mwa nyanja amaona mipeni imene azungu amanyamula, namva mitengo yake, nayamba kuupeputsa wa bambo ake. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: kodi chimene akuchitamanda kumeneko chingatithandize kuno, pa ntchito zathu, ndi miyala yathu yonolera?

Zimene zili m'kati mwa chitsulo

Chitsulo cha mpeni ndi chosakaniza. Chikuluchikulu ndi chitsulo chenicheni chochokera mu miyala ya pansi, koma pachokha nchofewa. Chimene chimachilimbitsa ndi kaboni, amene amathiramo pang'ono chabe, nthawi zambiri osafika 2 peresenti. Kaboni akachuluka, mpeni umatha kuuma kwambiri ndi kusunga kuthwa nthawi yaitali, koma umayamba kubenthuka msanga ukagunda fupa kapena mwala. Akachepa, mpeni suvuta kunola ndipo suthyoka wamba, koma umabuntha msanga.

Chachiwiri ndi chromium. M'chaka cha 1913, katswiri wina wa mumzinda wa Sheffield ku England, Harry Brearley, adapeza kuti chitsulo chokhala ndi chromium wambiri sichichita dzimbiri msanga. Mpamene padayambira chitsulo chimene pa mipeni ndi masupuni amachilemba kuti stainless. Kuti chitchedwe dzina limeneli chimayenera kukhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti. Zina zimene amathiramo, monga vanadium ndi molybdenum, zimapanga timibulu tolimba kwambiri m'kati mwa chitsulocho, timene timachititsa kuti chisaperepeseke msanga.

Wopanga mpeni aliyense amalimbana ndi zinthu zinayi: kuti usunge kuthwa, kuti usabenthuke, kuti usachite dzimbiri, ndi kuti unoleke mosavuta. Zinayizi sizikhalira pamodzi mwamtendere. Ukakweza chimodzi, china chimatsika. Nchifukwa chake palibe chitsulo chopambana pa ntchito zonse, ngakhale otsatsa malonda atalankhula mokoma chotani.

Palinso chinthu china chimene sichilembedwa pa mpeni koma nchachikulu kuposa dzina la chitsulo: kawotchedwe ndi kaziziritsidwe kake. Chitsulo amachitenthetsa mpaka chifiire, nachiziziritsa mwadzidzidzi m'mafuta kapena m'madzi, kenako nachitenthetsanso pang'ono kuti chisakhale chophweka kusweka. Kuuma kwake amakuyeza pa muyeso wotchedwa Rockwell. Mipeni wamba yabwino imakhala pakati pa 55 ndi 58, pamene yapamwambayo imafika pa 60 mpaka 62. Chitsulo chodula chimene sichidawotchedwe bwino chimagonja kwa chitsulo wamba chimene chidadutsa m'manja mwa mmisiri wodziwa moto.

Okapi ndi njira ya ku Joni

Mpeni wopinda umene dzina lake lidazika mizu kuno kumwera kwa Africa ndi Okapi. Adayamba kuupanga mu 1902 mumzinda wa Solingen ku Germany, ndipo cholinga chidali kuugulitsa ku maiko a mu Africa. M'chaka cha 1988 ntchito yopanga mpeniwu idasamukira ku South Africa, ku Isithebe m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Umadziwika ndi chigwiriro chake cha mtengo chokhotera pang'ono, tinyenyezi tokongoletsa, ndi kamphete ka pamsana kamene umakoka pofuna kuupinda.

Boma la Nkhata Bay lili ndi mbiri yaitali ya maulendo. Chikhazikitsire mishoni ya Bandawe mu 1881, Atonga ambiri adaphunzira sukulu msanga ndipo adayamba kupita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, adali mwana wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe pomwepa. Obwerera kumudzi ankabwera ndi masutukesi a zovala, mabulangete, zipewa ndi zida zing'onozing'ono za pakhomo, ndipo mpeni wopinda udali m'gulu la zinthu zosavuta kunyamula ndi kupatsa mlamu kapena malume. Njira imeneyi sidatsekeke. Mpaka lero katundu wochokera ku Joni amatsika m'mabasi pa Mzuzu nafalikira m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja.

Okapi wambiri amapangidwa ndi chitsulo cha kaboni chotchedwa 1055, kutanthauza kuti kaboni wake ndi pafupifupi 0.55 peresenti. Kwa okonda mipeni a kunja chimenechi nchitsulo cha pansi. Chimachita dzimbiri, chimada chikakhudza ndimu kapena nanazi, ndipo chimafuna kunola pafupipafupi. Koma taonani ubwino wake: chimathwa pa mwala uliwonse, sichibenthuka wamba, ndipo mtengo wake munthu wamba amaukwanitsa. Nzoona kuti mpeniwu udaipirapo mbiri m'makomboni a ku Johannesburg chifukwa cha zigawenga zimene zinkaugwiritsa ntchito molakwika, koma mlandu umenewo ngwa anthu. M'manja mwa mlimi ndi msodzi wakhala chida chokhulupirika kwa zaka zoposa 100.

Maiko enanso ali ndi mipeni yawo ya anthu wamba. Ku France kuli Opinel, umene Joseph Opinel adayamba kupanga mu 1890, wa chigwiriro cha mtengo ndi kamphete kozungulira kotsekera kamene adawonjezera mu 1955. Ku Switzerland kuli Victorinox, kampani imene Karl Elsener adayambitsa mu 1884, yodziwika ndi timipeni tofiira tokhala ndi zida zambiri. Yonseyi siigwiritsa ntchito zitsulo zodabwitsa, koma yakhalitsa chifukwa imagwira ntchito ndipo mwini wake amatha kuisamala yekha.

Zitsulo za mtengo wapatali

Tisanyoze zimene akatswiri apanga. Zitsulo zapamwamba za masiku ano nzodabwitsadi. Amazipanga mwa njira ina: chitsulo chosungunuka amachipopera kuti chisanduke ufa wosalala, kenako ufawo amaupanikiza pa moto waukulu mpaka ugwirane. Potero timibulu tolimba tija timakhala tating'ono ndipo timafalikira mofanana paliponse.

Chimodzi mwa zoyamba kutchuka pa mipeni ndi S30V, chimene kampani ya Crucible ya ku America idatulutsa mu 2001 mothandizana ndi Chris Reeve. Mkuluyu adabadwira ku Durban ndipo adayambira komweko ntchito yosula mipeni asanasamukire ku Boise, ku America, mu 1989. Mpeni wake wotchuka, Sebenza, uli ndi chigwiriro cha titanium ndipo umagulidwa pa madola opitirira 400. Chitsulo cha S30V chili ndi chromium 14 peresenti ndi vanadium 4 peresenti. M390, cha kampani ya Böhler ku Austria, chili ndi chromium wokwana 20 peresenti. MagnaCut, chimene Larrin Thomas adakonza ndipo chidatuluka mu 2021, chimayamikiridwa chifukwa choyesetsa kuyanjanitsa kuthwa, kulimba ndi kukana dzimbiri. Palinso H1 ndi LC200N, zimene kampani ya Spyderco yagwiritsapo ntchito pa mipeni ya anthu a m'nyanja za mchere, chifukwa dzimbiri silizigwira wamba.

Amene amatamanda zitsulozi ali ndi mfundo. Munthu wodula zingwe za nayiloni tsiku lonse angakondwe ndi mpeni umene umatha masabata usanabunthe. Ndipo dera lathu lino ndi limodzi mwa madera amene amalandira mvula yambiri m'Malawi. Chinyontho cha ku Nkhata Bay sichichitira chisoni chitsulo. Mpeni wa kaboni ukagona usiku umodzi m'bwato uli ndi magazi a nsomba, m'mawa umadzuka utafiira. Choncho kukana dzimbiri si nkhani yachabe kuno, ngakhale madzi a nyanja yathu alibe mchere.

Woweruza ndi mwala wonolera

Koma mpeni uliwonse, ngakhale wa madola mazanamazana, tsiku lina umabuntha. Apa mpamene nkhani imatembenuka. Timibulu ta vanadium tija ntolimba kuposa mwala wa pagombe, ntolimbanso kuposa miyala yonolera yambiri ya m'sitolo. Kuti unole bwino S30V kapena M390 pamafunika chonolera chokutidwa ndi fumbi la dayamondi. Msodzi wa ku Usisya, kumene katundu wambiri amafika pa sitima ya Ilala kapena pa msewu wovuta wa m'mapiri, achipeza kuti chonolera chotere? Adzakhuta thukuta akukhutiza mpeni pamwala, koma kuthwa kwenikweni osabwerera. Pamene mnzake wa Okapi anola kanthawi kochepa, wayesa pa tsitsi la pamkono, wabwerera ku ntchito.

Ntchito zathunso nzodzala ndi mchenga. Chinangwa chimachoka m'nthaka chili ndi dothi. Chingwe cha chilimira chimakhala chitagona pamchenga. Kampango ndi bombe ali ndi mitu ndi minga zolimba. Mchenga umabunthitsa chitsulo chilichonse, chodula kapena chotchipa, ndipo fupa limabenthula msanga chitsulo chouma kwambiri. Kukonza pobenthuka pa chitsulo chouma ndi ntchito ya tsiku lonse.

Amene akufuna umboni apite kukaona ogoma mitengo ya labala ku esiteti ya Vizara. Mpeni wawo si wopinda, koma phunziro lake ndi lomwelo. Amasenda kachikungwa kopyapyala kuti utomoni utuluke popanda kuvulaza mtengo, ndipo ntchitoyo imatheka pokhapokha mpeni uli wakuthwa zedi. Chinsinsi chawo ndi kunola kawirikawiri ndi dzanja lozolowera. Osema ziboliboli a ku Kande ndi Chintheche nawonso amadziwa zomwezi: mwala wonolera sutalikirana ndi pamene akhala.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Kwa munthu wa m'mphepete mwa nyanja ino, chitsulo choyenera ndi cha pakatikati. Wogwira ntchito za m'madzi asankhe stainless yabwino yosavuta kunola, monga 12C27 ya ku Sweden imene Opinel amagwiritsa ntchito, 420HC, kapena 8Cr13MoV ya ku China ikakhala yochokera ku kampani yodalirika. Wa kumunda, amene angathe kupukuta mpeni wake ndi kuupaka timafuta, chitsulo cha kaboni chimukwanira. D2, imene ikutchuka chifukwa chotsikirako mtengo, ili ndi chromium pafupifupi 12 peresenti koma imachitabe dzimbiri pa chinyontho, ndiponso njovuta kunola. Kuno siyoyenera kuithamangira.

Chigwiriro: pamene dzanja limakumana ndi mpeni

Anthu ambiri pogula amayang'ana kuwala kwa chitsulo naiwala chigwiriro, chonsecho ngozi zambiri zimayambira pamenepo. Dzanja lonyowa, logwira nsomba yoterera, likatsetsereka limakathera pa mbali yakuthwa.

Mipeni yodula imakhala ndi zigwiriro za titanium, za carbon fibre, za G10 kapena za Micarta. Titanium ndi yopepuka, yolimba ndipo sichita dzimbiri, koma ikakhala yosalala imaterera, ndiponso imatentha ikakhala padzuwa. Carbon fibre njopepuka ndi yokongola, koma mtengo wake sugwirizana ndi phindu lake pa ntchito zathu. G10 amaipanga ndi nsalu ya ulusi wa galasi yoviikidwa mu guluu wolimba. Simwa madzi, sifufuma, ndipo akaikhakhalitsa imagwirika bwino. Micarta, imene kampani ya Westinghouse idayamba kupanga zaka zoposa 100 zapitazo, ndi nsalu kapena pepala lopanikizidwa ndi utomoni wa m'fakitale. Ubwino wake ngwakuti ikanyowa imagwirikabe bwino. Pa zinayizi, G10 ndi Micarta ndizo zingamuthandizedi msodzi. Koma ngakhale pulasitiki yolimba yokhala ndi timizere imagwira ntchito yomweyo pa mtengo wotsika.

Chigwiriro cha mtengo chimakoma m'manja, koma chili ndi vuto lake kuno. Mtengo umamwa madzi nufufuma. Eni ake a Opinel amadziwa kuti ukanyowa umakanirira kutseguka. Opanga Okapi adalizemba vutoli poviika mtengo wawo mu utomoni kuti madzi asalowe. Amene ali ndi mpeni wa chigwiriro cha mtengo wamba aziupaka mafuta nthawi ndi nthawi, ndipo asausiye m'madzi a pansi pa bwato.

Pali tinthu tina tating'ono timene okonda mipeni a kunja satilabadira koma kuno ntofunika. Koyamba ndi kabowo komangirapo chingwe. Nyanja ya Malawi imafika pafupifupi mamita 700 kuya kwake, ndipo malo ozama kwambiriwo ali chakumpoto konkuno. Mpeni ukapulumuka m'manja uli pa usodzi wa usiku, wapita basi. Kachiwiri ndi mtundu: chigwiriro chofiira kapena chachikasu chimaoneka msanga m'maudzu a m'dambo kusiyana ndi chakuda. Kachitatu ndi chotsekera. Mpeni wopinda umene ulibe loko yodalirika ungathe kupindikira pa zala pamene ukuboola chinthu cholimba. Ndipo polumikizira pake pamabisala mchenga, mamba ndi magazi, motero mpeni wotumbulira nsomba uyenera kutsukidwa ndi sopo usanakhudze chipatso chimene mwana adye.

Phingo, nyanga ndi minyanga

Chodabwitsa nchakuti zina mwa zinthu zimene opanga mipeni yodula amazisirira zimachokera kwathu konkuno. Phingo, mtengo wakuda bii wa m'kati umene azungu amapangira zitoliro za nyimbo, ndi umodzi mwa mitengo yofunidwa kwambiri pa zigwiriro chifukwa ngwolemera, ngwamafuta ndipo sumwa madzi wamba. Koma umakula pang'onopang'ono, moti pamatenga zaka makumi ambiri kuti ufike podulidwa. Kuyambira mu 2017 malonda ake a pakati pa maiko akuyendetsedwa ndi pangano la CITES, ndipo mukula udalowanso m'ndandanda womwewo mu 2019. Mlombwa, mbawa ndi muwanga nayonso ikusowa m'nkhalango zathu.

Anthu a m'boma lino akuona ndi maso momwe mitengo ikuluikulu yosemera mabwato yathera, ndi momwe nkhalango monga Mkuwazi zikupanikizidwira. Bungwe la Ripple Africa, limene lili ku Mwaya pafupi ndi Chintheche, lakhala likulimbikitsa kudzala mitengo ndi mbaula zosatha nkhuni za Changu Changu Moto pa chifukwa chomwechi. Chigwiriro cha mpeni chimafuna kachidutswa kosaposa chikhatho. Palibe chifukwa chogwetsera mtengo wamoyo. Zidutswa zotsala kwa akalipentala, mtengo wa mango wakale, nyanga ya ng'ombe kapena fupa lake, zonsezi zimapanga zigwiriro zolimba ndi zokongola.

Za minyanga ya njovu ndi mano a mvuu, yankho ndi limodzi: ayi. Lamulo la nyama za kutchire limene lidakhwimitsidwa mu 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu yotere. Wina akakutsatsani mpeni wa chigwiriro cha mnyanga, dziwani kuti akukugulitsani mlandu.

Osula athu tisawaiwale

Luso la chitsulo si lachilendo m'dziko muno. Makolo athu ankasungunula miyala m'ng'anjo kalekale azungu asanafike. Aphoka a ku mapiri a Nyika adatchuka ndi makasu awo, ndipo zotsalira za ng'anjo zawo zikuonekabe. David Livingstone atafika ku chigwa cha Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akusula makasu, mikondo ndi mipeni. Lero osula a m'misika yathu amagwiritsa ntchito zitsulo za masipuling'i a galimoto, matupa akutha ndi macheka akale. Zimenezi ndi zitsulo zabwino za kaboni, ndipo amisiri a kunja nawonso amazilemekeza.

Chimene chimawabweza m'mbuyo osula athu ndi kusowa kwa zida zoyezera moto ndi maphunziro a kaziziritsidwe koyenera. Mpeni wina umatuluka wabwino kwambiri, wina wofewa, wina wosweka msanga. Bungwe la TEVETA ndi makoleji a ntchito za manja angathe kuthandizapo pophunzitsa achinyamata mbali imeneyi, pamodzi ndi kapangidwe ka loko ndi polumikizira pa mpeni wopinda. Alendo amene amafika ku Kande ndi Chintheche amagula ziboliboli. Angagulenso mpeni wosulidwa konkuno, wa chigwiriro cha nyanga ya ng'ombe, utakhala wopangidwa mwaluso.

Mawu kwa wogula

Msika wadzala ndi mipeni yonyezimira yolembedwa mayina akuluakulu. Wogulitsa adzakuuzani kuti, "Ada, uwu ndi orijino, sudzabuntha." Kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kulemba dzina la chitsulo pa mpeni nkosavuta, ndipo opanga katundu wachinyengo amachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Mpeni wolembedwa M390 umene ukugulitsidwa pa mtengo wa mbale ya usipa ndi wabodza.

Musanapereke ndalama, utseguleni ndi kuugwedeza kuti muone ngati polumikizira pake sipakugwedera. Kanikizani pamsana pake mosamala kuti mutsimikize kuti loko ikugwira. Nyowetsani dzanja, muugwire, mumve ngati ukuterera. Funsani kumene wachokera. Mukaugula, musamatsegulire zitini kapena kukanulira misomali, muziupukuta mukatha ntchito, ndipo muziupaka kadontho ka mafuta ophikira. Muzikumbukiranso kuti malamulo a dziko lino salola kuyenda ndi chida choopsa pagulu popanda chifukwa chomveka. Mpeni malo ake ndi kumunda, kudoko ndi kukhitchini. Kumowa, ku mpira ndi ku gule wa malipenga usiyeni kunyumba.

Amene ali ndi ndalama zake ndipo amakonda zitsulo zapamwamba agule, koma agulire limodzi chonolera cha dayamondi. Kwa msodzi, mlimi ndi mayi wa pamsika wa kuno ku Limphasa, mpeni wabwino ndi umene angathe kuunola yekha, kuugwira molimba dzanja lili lonyowa, ndi kugula wina popanda kulowa m'ngongole ukatayika. Ndalama yotsalayo igule mwala wabwino wonolera, ndipo ana aphunzitsidwe kuugwiritsa ntchito.